Khola Nambala 114

Emrys Pugh anagogoda pakhomo panga kusanache,
chipewa chili chonyowa, makatoni asanu ali pansi,
onse atawaboola timaenje ndi mpeni wa m'thumba.
Moni sanapereke. Anangoti, "Galimoto ili ndi mafuta?"
Kuno kumapiri a Wales, Novembala akafika,
nkhungu imameza msewu n'kulavula nkhosa zokha.

Ulendo wonse makatoni ankang'ung'udza kumbuyo,
mwini wake ali duu, manja pa ndodo,
bondo limene madokotala analilephera litawongoka ngati mtengo.
Lolemba akukalowa m'nyumba ya okalamba kutauni:
chipinda chimodzi, zenera loyang'ana pokwerera basi,
ndi lamulo lopachikidwa pachipata loti ziweto ayi.

Shedi ya okushoni inkanunkha utuchi, zitosi ndi anyezi wokazinga.
Makola a waya anasanjikizana mpaka m'mapewa.
Atsekwe ankatukwana aliyense wovala jombo,
nkhukundembo itadzitukumula ngati wodzatolera ngongole,
zinziri zitaunjikana pakona, zikunjenjemera.
Ogula ankauzira nthenga kufunafuna utitiri,
kutambasula mapiko, kupukusa mitu,
kunyoza ndi pakamwa chimene mtima wasirira.

Nerys Probert anakwera pa kireti ya mkaka,
cholembera kukhutu, kandodo m'manja,
lilime lake matalala pa malata.
Pano munthu sagula ndi mawu:
chikope chikaphethira, chala chikakanda chibwano,
ndiye kuti ndalama yatuluka.
Ine ndinapisa manja m'matumba, kuopa kugula tsekwe.

Misoti isanu ndi umodzi ya Emrys inapita ndi banja latsopano
lomwe linafunsa ngati nkhuku zimasamba.
Tambala wake anagwa m'manja mwa kamnyamata, Iolo,
kamene kanawerenga makobidi katatu pa chikhatho.
Emrys ankangogwedeza mutu,
ngati munthu womvera nyengo pa wailesi.

Kenaka khola nambala 114.
Thadzi lofiirira, chala chimodzi chopindika, khosi lothothoka,
linasiya kuikira chaka chimene Eirlys anamwalira.
"Mapaundi asanu? Atatu? Imodzi?"
Zii. Bakha wina anaseka kumapeto kwa shedi.
Bambo wa galimoto yoyera, uja amagulira mpeni,
anatukula chala mwaulesi: theka la paundi.

Pamenepo ndodo inakwera pambali panga.

Nerys anaima pakati pa mawu.
"Bambo Pugh, thadzili ndi lanu lomwe."
"Ndikulidziwa," anatero. "Pitirizani."
Wa galimoto yoyera anamwetulira, nakankha mtengo mwadala,
awiri, anayi, asanu ndi awiri,
ndodo osatsika, mkono ukunjenjemera,
mpaka kandodo kanagunda waya pa mapaundi asanu ndi anayi.
Palibe anaomba m'manja.
Amuna akuluakulu anapeza choyang'ana pa jombo zawo.

Pa zenera lolipirira kalaliki analemba dzina kawiri,
wogulitsa Pugh, wogula Pugh,
nadula yake ya msika mbali zonse ziwiri.
Emrys anapinda lisiti mosamala ngati kalata ya ukwati.

Pobwerera katoni anaikana.
Thadzi linakhala m'jekete, mutu wokha uli kunja,
likuyang'ana mvula ndi diso limodzi, kenaka linalo.
Titafika pachipata changa, osati chake, anati, "Ima."
Analiika m'manja mwanga, lofunda, lopepuka ngati buledi.
"Limakonda mphesa zouma.
Usalitsekere kusanade, limakwiya."

Ine khola ndilibe. Mphesa zouma ndilibe.
Usiku uno lagona pa chogwirira cha wilibala,
pakati pa zitini za penti ndi njinga yakufa,
ndipo ndatuluka kawiri ndi tochi kukaliona.
Kutsidya kwa chigwa nyale ya Emrys ikadali yoyaka.
Akulongedza makapu, mwina,
kapena wangoima pabwalo
pamene kale pankamveka phokoso.