Mlonda Waweruka

Felisiberta, madzi osamba adikire kaye,
ndingaiwale.
Usiku magetsi anathima kuchipatala,
Olinda wa kulabu uja anandiitana pageti
kuti ndikamugwirire tochi.
Atayaka, anati, “Bambo Chimtengo, tasuzumirani umu.”
Ndinatsinzina diso limodzi ngati wolasa ndi legeni,
ndipo m'kadontho ka magazi a mwana wa eni
ndinaona timphete tofiirira,
tili phee, ngati mikanda yotayika pamchenga.
Akuti malungo aja ndi amenewo.
Zaka makumi asanu akhala akundigwetsa pamphasa,
nkhope yawo ndaiona lero.

Ndipo udzudzu woluma ndi waukazi wokha,
umafuna magazi kuti mazira akhwime.
Waumuna umangomwa timadzi ta maluwa.
Usandiyang'ane choncho, sindikunena iwe.

Pali zina. Sendera kuno.
Khanda limabadwa ndi mafupa pafupifupi mazana atatu,
likamakula ena amagwirana, nambala n'kutsika,
ife akulu tatsala ndi mazana awiri ndi asanu ndi limodzi.
Ndiye kuti Zefa woyamwayu, wopanda ndi dzino lomwe,
m'nyumba muno watiposa tonse chuma.

Jakisoni uja anapulumutsa mwendo wa mlamu wako
chiyambi chake ndi chuku,
chonga chija chimamera pa buledi wogonera.
Munthu wina kutali anasiya timbale take, n'kupita kutchuthi,
pobwera anapeza chuku chapha tizilombo
paliponse pamene chinayandikira.
Ayi, mbale zako uzitsukabe.

Kachewere amene umagulitsa mumsika wa Ulongwe,
amene timati ndi wathu, wa ku Tsangano,
kwawo ndi kumapiri a kutsidya kwa nyanja yamchere.
Chimanga nachonso n'chobwera. Chinangwa. Matimati. Mtedza.
Zinakwera zombo, zinadwala mafunde ngati anthu.
Ndinafunsa, “Nanga makolo ankadyanji?”
Olinda anaseka: “Mapira ndi mawere, bambo,
zomwe lero mukuti n'zaumphawi.”

Malasha amene Orasiyo wathu akukumba ku Moatize,
aja amam'detsa mpaka m'makutu,
inali mitengo, masamba, madambo,
kusanabadwe munthu woti n'kudula chikuni.
Sitima ija ikamalira kulowera kugombe
imakhala itasenza nkhalango
imene palibe anakhalapo pamthunzi pake.

Ngakhale dzuwa likutiwombali lachedwa panjira:
kuwala kwake kwayenda mphindi zisanu ndi zitatu.
Sindinagone, mutu uli waa,
ngati shapa yodzaza yopanda wotsika.

Koma chimene ndathamangira si chimenecho.
Tsitsa mwanayo.

Ndinamufunsa Olinda za kukomoka,
za maso otembenuka, khosi louma, thovu kukamwa.
Anati timphete tomwe tija tikachuluka
timatseka timitsempha ta mu ubongo.
Sindinam'tchulire dzina la Inasiya.
Ndinangobwerera pageti, n'kukhala pa njerwa yanga,
n'kuwerenga zaka pa zala: khumi ndi zinayi.
Zaka khumi ndi zinayi osawapatsa moni azakhali ako,
chifukwa cha nthochi imodzi
imene anam'patsa mwana dzulo lake.
Tinawathira mchere pakhomo.
Pamaliro tinawakhazika kumbuyo kwa khola,
iwo osayankha kanthu, akungopukuta maso ndi chitenje.

Mwana wa eni uja wadzuka m'mawa uno,
wapempha tiyi, wakana wopanda shuga.
Amayi ake anaseka mpaka kugwira khoma.

Loweruka ndalandira.
Tigule shuga wa makilo awiri, sopo, ndi neti yatsopano.
Ku Domwe si kutali, njinga ili bwino,
tayala lakumbuyo lokha ndilo lofuna mpweya.
Mawu oyamba sindinawapeze.
Mwina ndikayamba ndi za kachewere.