Mpendero wa ku Lizulu

Zaka zinayi ndinkasoka m'nkhungu.
Sindikunena ija imatsika ku Bembeke m'mamawa
n'kumwazika dzuwa likakwera;
yanga inkagona m'maso momwemu.
Pakhonde la golosale ya a Chimphamba ku Lizulu
mapazi ankapalasa makina okha, njira akuidziwa,
koma ulusi ankandilowetsera Tiyanjane
asanathamangire kusukulu.
Ukaduka masana, ntchito yathera pomwepo.

Anati ndi ng'ala, anati shuga ndiye waifulumizitsa.
Kawiri konse anandibweza kuchipatala ku Dedza:
shuga wakwera, bambo, katsitseni kaye.
Ndinasiya tiyi wa masipuni atatu,
pa mandasi ndinkadutsa ngati pamanda.

Tsiku lomatula bandeji
ndinaona mabatani a namwino, asanu,
limodzi losokedwa ndi ulusi wakuda pansalu yoyera.
Ndinaseka mpaka wodi yonse inacheuka.
Ndani telala ameneyu?
Pobwerera ndinawerenga kabichi m'mbali mwa msewu,
ndinaona imvi za NaNgozo,
zomwe palibe anandiuzako.

Mwezi unatha, wina n'kupendeka.
Ndikalemba mzere ndi choko, rula ili m'manja,
diso lamanzere linkaukhotetsa
ngati msewu wa Khwekhwelere.
Pakati pa nkhope ya kasitomala
panali kadontho ngati mafuta pansalu ya sukulu.

Dokotala anadontheza mankhwala, anayang'ana nthawi yaitali.
Ng'ala inali katani, anatero,
tachotsa katani, tsopano tikuona zomwe chiswe chinachita m'nyumba.
Timitsempha takumbuyo tikudontha,
pakati patupa; shuga anayamba kalekale,
ndipo nthawi zina mpeni umadzutsa chomwe chinagona.
Mupite ku Lilongwe mwezi uno, musadikire kukolola.

Ndinawerengetsera mumtima:
ulendo umodzi, mayunifolomu asanu ndi awiri.

Sindinong'oneza bondo, musandimve molakwa.
Munthu sakwiyira amene watsegula zenera
chifukwa waona denga likuthonya.
Lachinayi ndikwera basi, kalata ili m'thumba la jekete,
Tiyanjane adzandigwira mkono potsika
poti akadontheza aja dziko limachita mbuu.

Lero kukuzizira, mbatatesi zikutsika m'malole,
mayi wina wabweretsa diresi la ukwati kuti ndibweze m'chiuno.
Ndanyambita nsonga ya ulusi,
ndatsinzina lamanzere,
ndaphonya kawiri.
Kachitatu walowa,
ndipo palibe amene ndamuitana.