Kope la a Kanjedza

A Kanjedza, a chitseko choyandikana ndi changa,
amasunga kope:
ndani anabwereka marandi makumi asanu osabweza,
ndani sanabwere pa maliro a akazi awo.
Kopelo lanenepa. Iwo aonda.

Langa ndinalisiya m'takisi ya ku Rosettenville,
dala.

M'mawa, chisanu cha Joni chikuluma mawondo,
ndimatsika masitepe makumi anayi
kukapereka moni kwa mayi wa magwinya
m'Chizulu changa chothyokathyoka.
Amaseka. Nane ndimaseka, ndi mano otsalawa.

Pawindo, m'chitini cha penti,
tsabola wanga wabereka atatu okha.
Awiri ndadya.
Wachitatu ndikupita naye
kukagogoda kwa a Kanjedza.
Akafuna, alembe m'kope mwawomo.