Bolodi la a Kathumba

A Kathumba anakhoma bolodi pakhoma la galaja,
pambali pa kalendala ya chaka chatha.
Dzina lililonse lili ndi mzere wake.
Galimoto ikatuluka pageti ikulira yokha,
choko chimadula kamtanda.
Akuti anaziona ku Joni, m'fakitale ya malole,
kumene munthu amamanga nati imodzimodzi tsiku lonse
wotchi ikumuwerengera mpweya.

Mzere wanga uli mbee, sabata yachitatu ino.

Funsani zikhatho zangazi ngati ndi ulesi.
Ndimafika nkhungu isanavule phiri la Dedza,
sipanala ikuluma zala ngati madzi a mu Juni.
Lole ya Gervazio ili chigonere pamiyala,
mimba pululu, ndinaitsuka kale ndi palafini,
mabawuti ndinawandanda pachiguduli, wamkulu kutsogolo.
Chosowa n'chimodzi basi: beringi,
kachitsulo koti mwana angabise m'thumba la yunifolomu.

Kanasulidwa kutsidya kwa nyanja zamchere.
Kanakwera sitima, sitima inaima ku Beira.
Akuti kireni yafa. Akuti mphepo.
Akuti makontena achita mzere ngati pachigayo.
Kenako kali ku Tete, dalaivala wagwa malungo.
Kenako kubanki kulibe ndalama zakunja.
Lachinayi akuti kafika paboda, apa pomwepa,
mtunda woti wakabaza apite n'kubwera tiyi asanapole,
koma pepala lina likufuna chidindo
ndipo mwini chidindo ali kumaliro ku Kasumbu.

Gervazio salankhulanso.
Amabwera, amakhala patayala, amasenda nzimbe.
Matumba ake makumi asanu ndi limodzi ali ku Bembeke,
mbatatesi zatulutsa maso, zikumuyang'ana mumdima.
Wogula wa ku Lilongwe anasiya kuyankha foni.

Lekeleni, mtsikana wophunzira ntchito uja,
ali ndi timitanda khumi ndi tiwiri:
kumata machubu, kusintha oyilo, fiyuzi ya minibasi.
Amachita manyazi akamadutsa pabolodi,
amayenda chammbali ngati wandibera kanthu.
Ndimamuuza, tenga zako, mwanawe,
choko sichidziwa kulemera kwa giyabokosi.

Lolemba katoni yafika, yophwanyika pangodya.
Ndatsegula ndi mano.
Nambala yake ndi yomweyo, kusiyana chilembo chomaliza.
Kachitsulo kakulowa, koma kakugwedera,
mpata wake ngati kukhuthala kwa chikhadabo.
A Kathumba agwira m'chiuno: tibweze, tiitanitse kena.
Gervazio waimirira, nzimbe yagwa.

Ndadula chitini cha mafuta a mabuleki,
ndachisula pa njanji yakale, ndachipala ndi tupa,
ndayesa, ndachotsa, ndapalanso,
Lekeleni akuunikira ndi foni magetsi atathima,
mpaka kugwedera kwatha, chitsulo chagwirana ndi chinzake.
Zimenezi m'buku la kampani mulibe.
Sindikudziwa ngati zifika Khirisimasi.

Mbandakucha lole yatsokomola kawiri, yavomera,
yakwera mtunda wa ku Bembeke utsi uli tolotolo.
A Kathumba atenga choko.
Kamtanda kamodzi.
Masiku makumi awiri ndi atatu, kamtanda kamodzi,
kofanana ndendende ndi ka chubu cha njinga.

Posesa ndatola pepala lokulungira lija,
lofewa, lonunkha girisi wachilendo,
zilembo zake ngati mapazi a nkhuku pamatope.
Pakona pali chidindo cha chala chachikulu,
chaching'ono kuposa changa, chotsetsereka pang'ono,
cha munthu amene anali pachangu.
Kaya ndi mayi, kaya ndi mnyamata wausiku,
kaya anasokoneza chilembo chija tulo titamulemera,
wina ataima kumbuyo kwake ndi wotchi.

Sindinamutukwane.
Ndaika chala changa chakuda pambali pa chake,
ndapinda pepalalo kanayi,
lili m'bokosi la masipanala, pansi pa nambala seventini.

Panja pali kale pikapu ya kabichi yochokera ku Lizulu,
ikulira mwachilendo kutsogolo, kumanzere.
Lekeleni wagona kale pansi pake.
Akuti, amisiri, bwerani mudzamve,
ndi beringi.