Phiko Lonjenjemera

Ku Bengaluru mvula yakata cha m'ma thuu koloko usiku.
Tatsala awiri m'chipinda, ine ndi Thimmaiah,
khofi wazizira, maso ali pa sikirini.

Kumwambako, kupitirira mitambo yonse,
setilaiti yathu yatambasula phiko la mamita makumi atatu,
lopyapyala ngati tsamba la nthochi.
Ola ndi theka likakwana
imatuluka mumthunzi wa dziko,
dzuwa n'kuliwomba mbama tsaya limodzi,
chitsulo n'kufutukuka, phiko n'kuyamba:
njenjenje.

Kuno pansi mpweya ukanalinyengerera.
Uko kulibe mpweya, kulibe wogwira chinthu paphewa
n'kuchiuza kuti basi, zakwana.
Chikayamba chimafika nako mawa,
ndipo kamera imatitumizira misewu yopepesuka ngati yaledzera.

Ndiye tinamata timinofu tamagetsi m'mphepete mwa phikolo,
ndi tizipangizo tomva kugwedezeka kochepa kuposa tsitsi limodzi.
Phiko likapendekera kumanzere, timinofu tikokere kumanja.
Koma nkhani yagona pa nthawi.
Ukachedwa ndi kachidutswa ka sekondi
wasanduka wokankha mwana pa katungwe,
ukumukweza m'mwamba pomwe umafuna atsike.
Chaka chatha tinachedwa.
Thimmaiah sakonda ndikamamukumbutsa.

Bambo anga ku Malleshwaram
manja awo alowa chaka chachitatu tsopano.
Kapu imagogoda mano, khofi amathera pamalaya.
Poyamba ndinkawagwira dzanja zolimba,
kunjenjemerako n'kuwolokera kwa ine mpaka m'chigongono,
iwo n'kupsa mtima:
"Nagaveni, ndisiye, sindine mkaidi."
Masiku ano ndimangoika zala ziwiri kunsi kwa dzanja lawo,
kumvetsera kaye, kulitsatira komwe likupita,
kenako kulibweza pang'ono,
pang'ono zedi, iwo osadziwa n'komwe,
kapena amadziwa.
Kapu imafika pakamwa. Sitinenapo kanthu.

"Dzuwa m'masekondi khumi," akutero Thimmaiah,
pensulo ili kukamwa.
Mzere wobiriwira ukudumpha
kamodzi, kawiri,
kachitatu mofooka ngati munthu wousa moyo,
kenako phee.

Iye akulemba manambala m'kope lake lothimbirira,
akuti mawa tichepetseko mphamvu pa kamnofu kachisanu,
kakukoka mopupuluma.
Ndikuvomera ndi mutu, ndikuyang'ana foni.
Folo koloko yakwana kale.
Sikisi bambo adzuka,
adzafuna khofi wawo wotentha,
ndipo mapiritsi aja ndinaiwala kugula.