Usiku Umene Tinagawa Njira

Tinadikira ophunzira apite kutchuthi,
minibasi yomaliza ya ku Kalingalinga idutse,
ine ndi Masauso, laputopu pamaondo,
m'kachipinda ka pansi pa laibulale, kozizira ngati mochale.

Zaka naini, uthenga uliwonse wa pasukulupa
unkabwera muno kudzafunsa njira.
Mtsikana wa kuhositelo akatumiza chithunzi kwa mnzake wa m'mwamba,
chinkatsika kaye kuno, kugwada, n'kubwerera.
Pa zingwe ziwiri zopita kunyumba iliyonse
chimodzi tinkachigoneka dala,
kuopa kuti mawu angazungulire, kuzungulira,
mpaka netiweki yonse kukomoka
monga muja mu Novembala, mayeso ali m'kati.

Usikuwo tinauza maswitchi a m'makonde:
mwakula, njira muzidziwa nokha.
Iliyonse tinaipatsa manambala ake, dera lake,
ndi mayina a anansi.

Cha m'ma thuu koloko ndinazula chingwe cha ku Sayansi
n'kuyamba kuwerenga. Wani.
Sindinafike patali,
uthenga unali utalambalala kale.
Chingwe chogona chija chinaphethira kadiso kobiriwira.

Masauso sanaseke.
Anaika dzanja pa rauta yakale ija, yofunda,
mafani ake akupuma mosathamanga.
"Iyi ndinaibweretsa ndine, pa wilibala," anatero.
Penshoni yake ndi ya mu Juni.

Kutacha, fumbi litadzuka pamsewu wa ku Chipata,
foni yake sinalire ngakhale kamodzi.
Ankangoitulutsa m'thumba,
kuiyang'ana,
kuibweza.