Sindinadzale Mtengo

Mnyamata wa pulojekiti anabwera pa njinga yamoto,
fomu m'manja, cholembera kukhutu:
"Bambo Kamzimbi, chaka chino mwadzala mitengo ingati?"
Ndinati palibe.
Analemba ziro, nandiyang'ana ngati ndaba nkhuku.

Akadakhala ndi nthawi ndikadamutengera kudambo
kuseri kwa Khombedza, kumene ng'ombe zanga, Nyezi ndi Chikhasu,
zimatola nyemba za msangu mu Okutobala
msipu utapsa, nthiti zikuwerengeka.
Zimameza, zimayenda, zimasiya ndowe,
ndipo mvula ikakumbuka kuti kuno kuli anthu
m'ndowemo mumatuluka timasamba tiwiri.
Ine changa n'kudula minga ya mthethe
kutchingira kamwanako kuti mbuzi zisakaone.
Nanga pamenepa wadzala ndani?
Fomu ilibe mzere wa ng'ombe.

Mvula ya masiku ano ndi munthu wangongole:
imalonjeza Novembala, imafika Khirisimasi itadutsa,
kenaka n'kukhuthula ya miyezi itatu usiku umodzi.
Chaka chatha Lingadzi anandilanda ana a ng'ombe awiri.
Chithaphwi chomwe bambo ankamwetsapo ng'ombe makumi anayi
lero chimauma chimanga chisanalowe m'nkhokwe.

Komabe tsekera wakumunsi sitilowetsamo ziweto
mpaka nkhanga zitaswa.
Tinapangana abusa asanu ndi mmodzi pansi pa bwemba,
popanda sitampa, popanda alawansi.
Dzana moto wa ana osaka mbewa
unapsereza mazira khumi ndi anayi. Ndinawawerenga,
akuda bii, akadali ofunda.
Nkhanga zikatha, nkhupakupa adzatola ndani?
Dibi linagumuka kalekale,
akakowa okha ntchitoyi sangaithe.

Sindine woyera ayi.
M'chilala chija ndinasadza mkuyu wonse
kuti Nyezi asagone osadzukanso,
mpaka lero sunabwerere mwakale.
Mwana wanga Dziwenji akuti tigulitse zonse
akayendetse kabaza pa boma.
Mwina akunena zoona. Usiku ndimaziwerengera,
ndalama zake zimakwana.

Koma m'mawa uno, mame ali m'miyendo,
ndawerenga misangu makumi awiri ndi itatu
yondifika m'chiuno,
ndipo nantchengwa wayambanso kututa zinyalala
pa nthambi imodzi yotsala ya mkuyu uja.

Mnyamatayo akadzabweranso
ndidzamuuza alembe ziro yemweyo,
koma njinga yakeyo, poti dzuwa likuswa mtengo,
akaimike apo, pamthunzi
umene anadzala make Nyezi.